Bajeti ikathina, asamayambire kudula pa odwala chibaba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani yomwe yakhala ikundisowetsa mtendere kwa zaka zambiri. Ndine Mmalawi wokhala mumzinda wa Chicago, m'chigawo cha Illinois ku America, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkagwira ntchito pamalo ena osamalirapo anthu amene akufuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ntchito yanga inali yotsika, chifukwa ndinkayankha lamya, kulemba mayina a ofuna malo, kuyala mabedi ndiponso kuchezera usiku ndi odwala pamene thupi lawo likulimbana ndi chibaba. Komabe pampando wotsikawo ndi pamene ndinaonera ndi maso anga zomwe zimagwera anthu wamba aphungu a nyumba ya malamulo akadula ndalama za chithandizo chotere, ndipo ndaona kuti n'koyenera kuti abale anga owerenga Chichewa amve momwe zinayendera.

Kuno ku America chigawo chilichonse chili ndi nyumba ya malamulo yakeyake, bwanamkubwa wake ndi bajeti yake. Aphungu a ku Illinois amakumana mumzinda wa Springfield, ndipo chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Julayi. Malo ambiri othandizira anthu okodwa mu uchidakwa ndi mankhwala si a boma ayi, koma ndi a mipingo ndi mabungwe omwe si a boma, amene amasainirana mgwirizano ndi boma, n'kugwira ntchito, kenako n'kutumiza mabilu kuti boma liwabwezere ndalama. Choncho boma likatseka dzanja, mabungwewa amakhala kuti agwira kale ntchito ndipo alipira kale antchito, magetsi ndi chakudya cha odwala ndi ndalama zomwe sakudziwa ngati zidzabwerera.

Mu 2008 aphungu anavomereza bajeti yomwe ndalama zotuluka zinkaposa zolowa, ndipo bwanamkubwa wa nthawiyo, a Rod Blagojevich, pofuna kuilinganiza, mu Julayi chaka chomwecho anachotsa madola 55 miliyoni pa ndalama zothandizira ndi kupewa uchidakwa ndi mankhwala ozunguza bongo. Anthu atadandaula kwambiri ndalamazo zinabwezeretsedwa patapita miyezi ingapo, koma pofika nthawiyo mabungwe ambiri anali atachotsa kale antchito ndi kuchepetsa mabedi. M'zaka zotsatira kudulako kunapitirira pang'onopang'ono, mopanda phokoso. Mu 2015 akatswiri a kafukufuku a pa yunivesite ya Roosevelt mumzinda muno anatulutsa lipoti losonyeza kuti pakati pa 2007 ndi 2012 Illinois inatsika kuchoka pa nambala 28 kufika pa zigawo zitatu zotsikitsitsa m'dziko lonse pa kuchuluka kwa anthu olandira chithandizo cholipiridwa ndi boma. Izi zinkachitika pamene zipatala za Chicago ndi madera ozungulira zinkalandira anthu ambiri okomoka ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa heroin kuposa za mizinda ina ikuluikulu, ndipo msewu waukulu wa Eisenhower, womwe achinyamata a m'matauni oyandikana ankadzera pokagula mankhwalawo kumadzulo kwa mzinda, unali utapatsidwa kale dzina lakuti msewu wa heroin.

Kenako kunagwa mkangano womwe aliyense wokhala kuno sangauiwale. A Bruce Rauner a chipani cha Republican analowa pampando wa bwanamkubwa mu Januwale 2015, mwezi womwewo umene msonkho wa pa malipiro unatsika kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 3.75 peresenti, zomwe zinachepetsa kwambiri ndalama zolowa m'thumba la boma. Iwo ankafuna kuti aphungu ayambe avomereza kusintha malamulo ena, makamaka okhudza mabungwe a ogwira ntchito, asanakambirane zokweza msonkho, pamene aphungu a chipani cha Democratic, motsogozedwa ndi sipikala a Michael Madigan, anakana kusakaniza nkhani ziwirizo. Zotsatira zake n'zakuti kuyambira pa 1 Julayi 2015 mpaka pa 6 Julayi 2017 Illinois inalibe bajeti yathunthu. Sindikulemba kuti ndiweruze kuti wolakwa kwambiri anali ndani pakati pa mbali ziwirizo, chifukwa kwa ine onse anali ndi mphamvu yothetsa mkanganowo ndipo onse anaulekerera kwa zaka ziwiri.

Chimene ndikufuna kuti owerenga achimvetse ndi chakuti m'zaka ziwirizo boma silinaime. Sukulu za pulaimale ndi sekondale zinalandira ndalama zake. Ogwira ntchito m'boma ankalandira malipiro awo molamulidwa ndi khoti. Ngongole za boma ndi penshoni zinkalipidwa chifukwa lamulo limatero, ndipo ndalama za Medicaid, yomwe ndi inshuwalansi ya boma ya anthu osauka, zinkatetezedwanso ndi zigamulo za makhoti. Amene anatsala pamtetete ndi omwe analibe khoti kapena lamulo lowaikira kumbuyo, monga mayunivesite a boma, malo osungirako amayi othawa nkhanza, osowa pokhala, odwala matenda a m'maganizo, ndi anthu athu okodwa m'mankhwala. Mu Januwale 2016 bungwe la mpingo la Lutheran Social Services of Illinois, limodzi mwa mabungwe akuluakulu othandiza anthu m'chigawo chino, linalengeza kuti likutseka ntchito zake zoposa 30 ndi kuchotsa antchito 750 chifukwa boma linali ndi ngongole ya madola oposa 6 miliyoni kwa iwo. Anthu pafupifupi 4,700 anataya chithandizo, ndipo ena mwa iwo anali omwe ankathandizidwa kusiya mowa ndi mankhwala.

Pamalo pomwe ine ndinkagwira ntchito sitinatseke, koma tinachepetsa mabedi ndipo anzathu ena anauzidwa kuti akapume kunyumba. Mndandanda wa oyembekezera unatalika, ndipo ine ndi amene ndinkauza anthu pa lamya kuti malo palibe. A Mkonzi, munthu amene sanakhalepo pafupi ndi matendawa angaganize kuti kudikira milungu ingapo si nkhani yaikulu, popeza ngakhale opaleshoni anthu amaidikira. Koma chibaba cha heroin chili ndi khalidwe lake. Munthu amene wazolowera mankhwalawa akangotha maola ochepa osawalandira amayamba kutuluka thukuta, kunjenjemera, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kumva kuphwanya m'mafupa, ndipo amadziwa bwino kuti zonsezi zingathe m'mphindi zochepa atangopita pakona ya msewu. Kuti munthu wotere afike ponena kuti watopa ndipo akufuna thandizo, pamatenga zaka, ndipo mtima umenewo sukhalitsa. Amene wavomera m'mawa akhoza kukana madzulo. Ife tinkadziwa kuti tsiku lomwe munthu wagogoda ndi lomwelo loyenera kumutsegulira, koma tinkalemba dzina lake m'buku ndi kumuuza kuti aziimba lamya tsiku lililonse.

Ndimakumbukira mayi wina amene ankaimba m'mawa uliwonse kufunsira mwana wake wamwamuna. Ankayankhula mwaulemu kwambiri, ndipo nthawi zonse ankayamba ndi kupepesa kuti akutivutitsa. Anandiuza kuti usiku ankagona pampando pafupi ndi chitseko kuti mnyamatayo asatuluke. Patapita milungu, bedi linapezeka ndipo ndinaimba ine mwini kuti ndiwauze uthenga wabwinowo, koma mayiyo anandiyankha kuti anaika maliro a mwana wake sabata yapitayo, n'kundithokoza chifukwa chowakumbukira. Sindinganene motsimikiza kuti bedi lathu likanamupulumutsa, pakuti ena amalowa n'kudzabwereranso ku mankhwala. Chomwe ndikudziwa n'chakuti anapempha mwayi ali moyo ndipo sanaulandire, ndipo chifukwa chake sichinali kusowa kwa mankhwala kapena kwa anthu odziwa ntchito, koma ndalama zomwe aphungu anali asanavomereze ku Springfield.

Ziwerengero za boma la Illinois lenilenilo zimasonyeza kuti anthu omwalira chifukwa cha mankhwala a mtundu wa opioid, monga heroin ndi mapiritsi ena amphamvu opha ululu, anali 1,946 mu 2016, kuchuluka kwa 82 peresenti poyerekeza ndi 2013, ndipo mu 2017 anapyola 2,000. Ndikhala wosalungama nditanena kuti imfa zonsezi zinadza chifukwa cha bajeti. M'zaka zomwezo ogulitsa anayamba kusakaniza heroin ndi fentanyl, mankhwala opangidwa m'fakitale omwe mphamvu yake ikhoza kuposa ya heroin ka 50, ndipo imfa zinakwera m'zigawo zambiri za America, ngakhale zomwe zinali ndi bajeti. Koma mfundo imeneyi ikungowonjezera kulemera kwa mlandu, pakuti nthawi imene msika unaipiraipira ndi yomweyo imene zitseko zothawirako zinkatsekedwa.

Chodabwitsa n'chakuti aphungu omwewo ankalidziwa vutoli. Mu 2015 anakhazikitsa lamulo lolimbana ndi mliri wa heroin, lomwe linalamula kuti apolisi ndi ozimitsa moto azitenga naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma chifukwa cha opioid, komanso kuti Medicaid izilipira mankhwala othandiza kusiya monga methadone. Bwanamkubwa atafuna kuchotsamo gawo la Medicaid ponena kuti n'lodula, aphungu a zipani zonse ziwiri anagwirizana mu Seputembala chaka chomwecho n'kugonjetsa kukana kwakeko. Lamulolo linali labwino ndipo lapulumutsa anthu ambiri. Komabe naloxone amangobweza mpweya, sachotsa chibaba. Munthu amadzuka m'ambulansi thupi likuwawa, amatulutsidwa m'chipatala patapita maola ochepa, ndipo ngati palibe malo omulandira amabwerera kukona yomwe ija. Anzanga ogwira ntchito m'maambulansi ankanena za anthu omwe anawatsitsimutsa kangapo m'mwezi umodzi.

Ndikudziwa zomwe odula bajeti amayankha, ndipo zina mwa izo n'zomveka. Amati ndalama za boma zili ndi malire, ndipo Illinois inalidi ndi ngongole yaikulu ya penshoni. Amatinso kuyambira mu 2014, pamene Medicaid inakulitsidwa kuti ifikire akuluakulu osauka ambiri, chithandizo chochuluka chikulipiridwa ndi inshuwalansi imeneyo, choncho ndalama zapadera za boma la chigawo zikhoza kuchepetsedwa. Koma Medicaid imalipira chithandizo cha munthu amene walembetsa kale ndipo wafika pachipatala. Sifikira aliyense, silipira mlangizi wopita m'sukulu kukacheza ndi ana, ndipo pa nthawiyo lamulo lakale la boma lalikulu la America linkaletsa Medicaid kulipirira akuluakulu ogonekedwa m'malo otere okhala ndi mabedi oposa 16, mpaka pamene Illinois inapatsidwa chilolezo chapadera mu 2018. Mipata imeneyi ndi yomwe inkatsekedwa ndi ndalama zovomerezedwa ndi aphungu chaka ndi chaka.

Funso lalikulu n'lakuti kodi boma linapulumutsadi ndalama? Pofika kumapeto kwa 2017 mabilu osalipidwa a boma la Illinois anali atapyola madola 16 biliyoni, ndipo chifukwa lamulo limakakamiza boma kulipira chiwongoladzanja likachedwa kulipira, madola oposa 1 biliyoni anapita ku chiwongoladzanja chokha. Ndalama imeneyo sinagule bedi ngakhale limodzi. Msonkho nawo unakwerabe kufika pa 4.95 peresenti. Kupatula apo, munthu amene wabwezedwa pakhomo la chithandizo sasowa m'mabuku a boma, amangosamukira patsamba lina. Amakapezeka m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi, kumene tsiku limodzi limadula kwambiri, kapena m'ndende ya Cook County ya kuno ku Chicago, yomwe mkulu wake a Tom Dart akhala akunena poyera kuti yasanduka amodzi mwa malo akuluakulu osungirako odwala matenda a m'maganizo m'dziko muno. Ana ake amatengedwa ndi boma kukaleredwa ndi anthu ena, ndipo zimenezonso boma limalipira. Bungwe la boma la America lofufuza za mankhwala ozunguza bongo, la National Institute on Drug Abuse, lakhala likunena kuti dola imodzi yoikidwa pa chithandizo imabweza madola 4 mpaka 7 pa kuchepa kwa umbanda ndi ndalama za makhoti ndi ndende.

Ndende payokha sichiritsa chibaba, ndipo nthawi zina imawonjezera ngozi. Munthu akakhala miyezi osalandira mankhwala thupi lake limaiwala mphamvu yake, ndipo akatuluka n'kutenga muyeso womwe ankatenga kale, mpweya umaima. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 wokhudza akaidi otulutsidwa m'ndende za chigawo cha Washington anapeza kuti m'milungu iwiri yoyamba chiopsezo chawo chomwalira ndi mankhwala chinali chachikulu ka 129 kuposa cha anthu ena. Ngozi yomweyo imagwera munthu amene wadulidwa chithandizo pakati panjira chifukwa malo ake atsekedwa.

Ntchito yopewa ndiyo imafa mwakachetechete kuposa zonse. Bedi likachotsedwa anthu amaona, koma mlangizi akasiya kupita kusukulu palibe amene amalira tsiku lomwelo, chifukwa mwana amene akanapulumutsidwa sadziwika dzina. Akuluakulu athu anati kuwongola mtengo n'kuuwongola uli waung'ono, koma phungu amene akuyang'ana chisankho cha zaka ziwiri zikubwerazo amavutika kuteteza ndalama yomwe zipatso zake zidzaoneka patapita zaka khumi. M'chigawo choyandikana nafe cha Indiana, m'katauni kakang'ono ka Austin m'boma la Scott, anthu oposa 200 anapezeka ndi kachilombo ka HIV kuyambira mu 2015 chifukwa chobwerekana masingano pobaya mankhwala, pa nthawi imene lamulo la chigawocho silinkalola ntchito yosinthitsa masingano akale ndi atsopano. Ife Amalawi sitifunika kuuzidwa mtengo wa kachilombo kameneka pa banja ndi pa dziko, ndipo tikudziwa kuti munthu mmodzi akakatenga amafunika mankhwala moyo wake wonse.

Chinanso chimene olemba bajeti sachiwerengera ndi chakuti zomwe zagwetsedwa m'mwezi umodzi zimatenga zaka kuti zimangidwenso. Bajeti itavomerezedwa mu 2017, ndalama zinayamba kubwera, koma alangizi odziwa ntchito anali atapita kale. Ena anasamukira ku Wisconsin ndi ku Indiana, ena analowa ntchito zina zolipira bwino, ndipo sanabwerere. Nyumba zina zinali zitagulitsidwa. Kutsegulanso malo otere kumafuna chiphaso cha boma, antchito ophunzitsidwa ndi chilolezo cha anthu oyandikana nawo, omwe kawirikawiri safuna malo a anthu otere pafupi ndi makomo awo. Chovuta kwambiri kubwezeretsa ndi chikhulupiriro cha odwala eni ake, pakuti uthenga wakuti kumeneko kulibe malo ukangofalikira m'misewu, anthu amasiya kuimba lamya ngakhale mabedi atapezekanso.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake mpeni umayambira pa anthu amenewa nthawi zonse, ndipo yankho lomwe ndapeza ndi manyazi. Makolo a ana a sukulu amadzaza mabasi kupita ku Springfield, aphunzitsi ndi apolisi ali ndi mabungwe awo, koma banja lomwe mwana wake akubaya heroin limabisa nkhaniyo ngakhale kwa abusa awo. Anthu ambiri amaganizabe kuti wokodwa m'mankhwala anadzifunira yekha. Koma mliriwu unakula ndi mapiritsi opha ululu olembedwa ndi madokotala, monga OxyContin yemwe kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa mu 1996, ndipo kampaniyo inavomera milandu kukhoti mu 2007 ndi mu 2020 pa momwe mankhwalawo ankatsatsidwira. Ambiri mwa omwe ndinawayalira mabedi anali amisiri omanga nyumba, oyendetsa magalimoto, asilikali opuma ndi amayi omwe anayamba ndi ululu wa msana kapena wa opaleshoni. Ngakhale amene anayamba mwa chibwana, ndi mwana wa munthu, ndipo matenda a shuga obwera ndi kadyedwe sitiwakana kuchipatala ponena kuti wodwalayo anadzifunira.

Chandichititsa kulemba tsopano n'chakuti ndikuona mayesero atsopano akubwera. Mu 2021 makampani atatu ogawa mankhwala, McKesson, Cardinal Health ndi AmerisourceBergen, pamodzi ndi Johnson & Johnson, anavomera kulipira madola 26 biliyoni ku zigawo ndi mizinda ya America, ndipo gawo la Illinois ndi pafupifupi madola 760 miliyoni olipidwa m'zaka 18. Mgwirizanowo umati 85 peresenti kapena kuposerapo igwiritsidwe ntchito yolimbana ndi mliriwu. Pa nthawi yomweyo imfa zodza ndi mankhwala ozunguza bongo zayamba kutsika, pakuti m'dziko lonse zinapyola 100,000 pachaka kuyambira mu 2021, koma mu 2024 zinatsika kufika pafupifupi 80,000. Mantha anga ndi akuti aphungu, akadzakumananso ndi chaka chovuta, adzaloza ndalama za makampanizo ndi kutsika kwa imfako n'kunena kuti tsopano akhoza kuchotsa gawo la boma. Zoterezi zinachitikapo kale ndi ndalama za makampani a fodya, omwe mu 1998 anavomera kulipira zigawo 46 madola oposa 200 biliyoni, koma gawo lochepa kwambiri ndi lomwe linapita ku ntchito yothandiza anthu kusiya kapena kupewa kusuta, pamene zambiri zinakatseka mabowo a bajeti. Ndalama za chipepeso zili ndi tsiku lothera, ndipo ziyenera kuwonjezera pa zomwe boma limapereka, osati kulowa m'malo mwake. Anthu 80,000 pachaka akadali maliro oposa 200 tsiku lililonse.

Owerenga ena angafunse kuti nkhani ya ku Illinois ikuwakhudza bwanji. Poyamba, Amalawi tilipo ambiri ku Chicago, ku South Bend ndi m'mizinda ina ya kuno, ambiri tikugwira ntchito za chisamaliro zomwe zimadalira bajeti zimenezi, ndipo ana athu akuphunzira m'sukulu zomwezi. Ndikupempha abale anga omwe ali ndi ufulu wovota kuti adziwe dzina la phungu wa dera lawo ndi kumulembera bajeti isanavomerezedwe. Chachiwiri, kwathu nakonso mabanja akulimbana ndi kachasu, chamba ndi mowa waukali wotsika mtengo, ndipo malo odziwika omwe amathamangirako ndi ochepa, monga chipatala cha boma cha matenda a m'maganizo ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati chigawo cholemera ngati Illinois chinavutika kumanganso zomwe chinagwetsa, kwathu kutseka ngakhale chipinda chimodzi kungakhale kovuta kwambiri kukonza.

Choncho ndikupempha inu a Mkonzi kuti nduna ya zachuma ikadzapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, mudzatume mtolankhani wanu akafufuze kuti ndi ndalama zingati zaikidwa pa matenda a m'maganizo ndi chithandizo cha okodwa mu mowa ndi mankhwala, ayerekeze ndi za chaka chatha, ndipo pakutha pa chaka adzafunsenso kuti zomwe zinafikadi kuzipatala ndi zingati. Kuno aphungu athu amayenera kumaliza bajeti pofika pa 31 Meyi, ndipo ine ndi anzanga ena omwe tinkagwira nawo ntchito tagwirizana kuti tikakhale ku Springfield m'masiku amenewo, titatenga mayina a mabanja omwe atilola kuwatchula pamaso pa komiti yoona za ndalama.

Ndine wowerenga wanu,
Mmalawi wokhala ku Chicago, Illinois